Vocha ya ku Joni siifa msanga chotero

Achimwene, mwafunsa ngati vocha yanu ya ku Joni (kakhadi kapena kapepala kolipiriratu kogulira katundu m'sitolo) ikugwirabe ntchito. Musaitaye vochayo. Poti mlongo wanu anaigula m'sitolo ya ku Johannesburg chaka chatha chomwechi, ikadali ndi moyo, ngakhale wa pakauntala anene kuti inatha. Lamulo la ku South Africa loteteza ogula, Consumer Protection Act la 2008, pa gawo 63, limati vocha yolipiriratu imagwira ntchito zaka 3 kuchokera tsiku imene inaperekedwa, pokhapokha ndalama zake zitatha kale. Mukagulira zochepa, zotsalazo ndi zanube.

Koma lamulolo limathera pa malire a dziko lawo. Simungaliwerengere mwini golosale pa Kamuzu Road kuno ku Salima n'kuyembekeza kuti agwedezeka. Vocha yogulidwa kuno, choyamba n'kuwerenga timalemba ta kumbuyo kwake tija, tomwe ambirife timatiyang'ana zinthu zitavuta kale. Sitolo ikakana zimene inalemba yokha, dandaulo lanu lipite ku Competition and Fair Trading Commission ku Lilongwe, bungwe la boma loteteza ogula.

Chimene ndaona kawirikawiri n'chakuti mkangano umakula pakasowa lisiti. Inki ya timalisiti ta makina imafufutika ndi kutentha kwa kunyanja kuno, miyezi ingapo pepala layera mbee. Auzeni achemwaliwo alijambule pa foni lero, tsiku ndi nambala zioneke bwino, akutumizireni pa WhatsApp. Nambala ya vochayo musapatse munthu wina, woidziwa akhoza kugulira pa intaneti.

Ngati ndalama zake n'zambiri ndipo sitolo yaumitsa khosi, funsani loya kapena a Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza anthu pa nkhani za malamulo, musanasaine pepala lililonse.