Kuyeza benzene mu mpweya wa pa depoti ya mafuta

Achimwene, mwafunsa ngati kamakina kam'manja kamene abwana anakugulirani kangayeze benzene, mankhwala oopsa opezeka mu petulo ndi mu nthunzi yake, pamalo pothirira petulo m'matanki. Ayi ndithu. Makina ambiri otere oyezera nthunzi mu mpweya, otchedwa PID, amawerenga nthunzi zonse za mafuta pamodzi, osasiyanitsa benzene ndi zinzake. Mphuno nayo musaidalire, chifukwa fungo likamamveka nthawi zambiri benzene amakhala atapitirira kale mlingo wololedwa.

Njira yodalirika ndi kapampu kamene wantchito amamangirira m'chiuno, kolumikizidwa ndi kachubu ka makala kopanidwa pakolala, pafupi ndi mphuno. Amakavala tsiku lonse la ntchito, kenako kachubuko amakatseka n'kukatumiza ku labotale, komwe amakayeza ndi njira yolekanitsa mankhwala osakanikirana yotchedwa gas chromatography. Ku America, bungwe loona za chitetezo cha anthu pantchito la OSHA limalola avereji ya 1 ppm (gawo limodzi la benzene pa magawo miliyoni a mpweya) pa maola 8, ndi 5 ppm pa mphindi 15. Ndiye muyezenso padera nthawi yotsegula zivundikiro za matanki, poti apo ndi pamene nthunzi imatuluka yambiri.

Chonde musazengereze. Benzene amawononga mafuta a m'mafupa, momwe magazi amapangidwira, ndipo amayambitsa khansa ya m'magazi, yomwe imatha kuonekera patapita zaka. Zotsatira zikabwera, mukawauze anyamata amene anavala mapampuwo.