Ka "the" kamene kanandidanitsa ndi bwana

Achemwali ena anditumizira imelo. Akulemba kalata yofunsira ntchito m'Chingerezi, ndiye akufuna kudziwa ngati pakati pa chiganizo alembe "the University of Malawi" kapena "The University of Malawi". Achemwali, mwandiputa.

Ndinagwirapo ntchito mu ofesi ina ku Blantyre, yokonza malipoti asanapite kosindikiza. Bwana wathu anali ndi cholembera chofiira, ndipo paliponse pamene panali dzina la bungwe lathulo ankazunguliza ka t kakang'ono, n'kulemba T wamkulu pamwamba pake. Ine ndikabweza, iwo ankabwezanso. Lipoti linkangozungulira pa matebulo athu awiri chifukwa cha chilembo chimodzi, pomwe manambala a ndalama a m'lipotimo panalibe wowayang'ana. Iwo ankati T wamkulu ndi ulemu. Ine ndimati ndi matama, ndipo mpaka lero sindinasinthe maganizo.

Chimene chimatisokoneza n'chakuti m'Chichewa kanthu kameneka mulibe. Timati "nyuzipepala ya Nation". Timati "ndinaphunzira ku Poly", ngakhale sukuluyo inkatchedwa The Polytechnic isanakhale MUBAS. Kodi ulemu wake unachepa? Ayi ndithu. Koma tikangoyamba kulemba Chingerezi timachita mantha, n'kumakuza chilembo chilichonse ngati tikugwadira apongozi.

Matamawa si athu okha. Mu 2022 Ohio State University ya ku America inafika polembetsa mawu akuti THE kukhala chizindikiro chake cha malonda, chosindikiza pa zipewa ndi malaya. Eti, yunivesite yathunthu!

Amene ndimawamvetsa ndi a ku Gambia. Mu 1964, atatsala pang'ono kulandira ufulu, anapempha kuti dziko lawo lizilembedwa The Gambia poopa kuti anthu azilisokoneza ndi Zambia, imene inalandira ufulu chaka chomwecho. Chimenecho ndiye chifukwa chomveka. A ku Ukraine anachita zosiyana. Chipezereni ufulu mu 1991 safuna kumva "the Ukraine", poti zimamveka ngati dziko lawo ndi chigawo chabe cha dziko lina. Wolemba choncho lero akudziputira mkangano wa ndale.

Manyuzipepala ndiye musawadalire, chifukwa eni Chingerezi nawonso sagwirizana. Atolankhani otsatira kalembedwe ka AP, bungwe lofalitsa nkhani la ku America, amalemba The New York Times ndi T wamkulu, pomwe Guardian ya ku London imadzilemba yokha "the Guardian". Bwana wanga akanaona zimenezo, inki yofiira ikanatha.

Ndiye mulembe chiyani?

Mitsinje, mayiko a dzina lochulukitsa ndi mabungwe okhala ndi "of" amatenga "the" wa t wamng'ono: the Shire, the Netherlands, the United States, the Reserve Bank of Malawi. Lake Malawi, Mount Mulanje ndi Mzuzu University safuna "the" n'komwe. T wamkulu musungire poyambira chiganizo ndi mayina ochepa ngati The Hague, The Bahamas ndi The Gambia. Pa manyuzipepala sankhani njira imodzi, muitsatire kalata yonse.

M'kalata yanuyo lembani "at the University of Malawi". Pa CV, pamene dzinalo laima palokha pamzere, ka "the" kachotseni.