Nkhosa zikutsimphina, mpeni usiyeni kaye

FUNSO: Ndili ndi nkhosa 14 kuno ku Ntcheu. Chiyambireni mvula zinayi zikutsimphina, ndipo ina imadya itagwada. Ndinasenga ziboda ndi mpeni mpaka magazi kutuluka, n'kuthirapo oilo wakuda wa galimoto, koma sizikusintha. Nditani?

YANKHO: Bambo, mpeni umenewo ndi womwe wakulitsa vuto. Anakuuzani ndani kuti chiboda chimasengedwa mpaka magazi? Mwatsegula bala, n'kuibwezanso nkhosayo m'khola la matope ndi ndowe. Oiloyo ndiye musayerekezenso, amangootcha mnofu. Akatswiri a pa yunivesite ya Warwick ku England anapeza kuti nkhosa yowola ziboda imachedwa kuchira ikasengedwa, kusiyana ndi imene yangobayidwa jakisoni.

Chimandidandaulitsa n'chakuti alimi timathamangira kugwira chiweto tisanachione chikuyenda. Kunja kuno kuli anthu amene ntchito yawo ndi kuyang'ana mayendedwe a nkhosa. Ku Davos, m'dziko la Switzerland, kuli malo ofufuzira a bungwe la AO kumene amaphunzira za kulumikizana kwa mafupa othyoka pogwiritsa ntchito nkhosa, chifukwa kulemera kwake ndi kukula kwa mafupa ake n'koyandikira kwa munthu. Ofufuza otere amayendetsa nkhosa pa mphasa yokhala ndi zipangizo zoyeza mphamvu imene mwendo uliwonse ukupondera pansi. Mwendo wovulala ukayamba kusenza katundu wake monga kale, amadziwa kuti fupa likugwirana. Anapezanso kuti miyendo yakutsogolo imasenza pafupifupi magawo 6 mwa 10 a thupi lonse. N'chifukwa chake yanu ija ikugwada: ziboda zakutsogolo zikuiwawa, ikufuna kuzipumitsa.

Inu mphasa yoteroyo mulibe, koma maso muli nawo. M'mawa potsegula khola, imani pambali, zituluke imodzimodzi pamalo ouma. Ngati vuto lili kutsogolo, mutu umakwera pamene mwendo wopwetekawo ukuponda, n'kutsika pamene wabwinowo waponda. Mwendo wodwala umaponda mwachangu, sukhalitsa pansi. Mukaudziwa, ndiye muigwire.

Ine ndisanazione n'komwe ndikuti ndi matenda owola ziboda. Nunkhizani pakati pa ziboda, fungo lake ndi loipa, simungalakwitse. Dzinja lina ndinapeza khola lotere, nkhosa zitaima m'matope ofika m'mawondo, mwini wake akuti zalodzedwa. Titazisamutsira pouma zambiri zinayamba kuponda bwino sabata zisanathe ziwiri. Yang'ananinso nkhupakupa kapena minga pakati pa ziboda, nazonso zimatsimphinitsa.

Patulani zinayizo lero. Itanani alangizi a ziweto a kwanuko adzazibaye oxytetracycline, jakisoni wopha tizilombo toyambitsa matenda wogwira ntchito masiku angapo, molingana ndi kulemera kwa iliyonse, ndipo akuuzeni masiku oyenera kudikira musanaphe kapena kugulitsa. Koma mankhwala amene ine ndimawakhulupirira kwambiri ndi zinc sulphate. Sungunulani kilogalamu imodzi m'malita 10 a madzi, thirani m'beseni lalikulu, tsukani kaye matope ku ziboda, kenako nkhosa iliyonse iime m'menemo mphindi 15, yodwala ndi yabwino yomwe, kamodzi pa sabata. Ikatuluka iime pouma kwa ola limodzi. Ena adzakuuzani za copper sulphate, koma ine sindimulola pa nkhosa, chifukwa ikangomwako pang'ono chiwindi chimaonongeka. Musazengereze, chifukwa nkhosa yotsimphina imaonda ndipo siyamwitsa bwino mwana.

Khola lanulo likonzeni. Mangani la m'mwamba ngati la mbuzi, lokhala ndi mipata yoti ndowe zizigwera pansi. Ngati mitengo palibe, folerani denga, kumbani ngalande mozungulira, ndipo muzikokola ndowe kawiri pa sabata. Ku dambo musazidyetsereko mpaka mvula itatha. Pakatha sabata ziwiri imaninso pakhomo la khola m'mawa, muwerenge zimene zikugwedezabe mutu poyenda, mundilembere.