Vanishi wakale pa thabwa la mfuti: ndimuchotse bwanji osawononga mtengo?

Funso: Malemu bambo anga anandisiyira mfuti yawo yosakira nyama. Zitsulo zili bwinobwino, koma vanishi wa pathabwa wachita chikasu, wang'ambikang'ambika, ndipo m'malo ena akukanganuka. Ndagula kale sandipepa wokhakhala. Kodi ndingoyamba kukwecha, kapena pali njira ina?

Yankho: Bambo, sandipepayo mumusunge kaye. Zimandipweteka mtima ndikalandira thabwa la mfuti lomwe mwini wake analiyamba ndi sandipepa wokhakhala, chifukwa vanishi timapaka wina, koma mtengo ukakwechedwa subwereranso. Pomwe thabwa limakumana ndi chitsulo, opanga anasema mwakuti ziwirizo zifanane ndendende. Mukakwecha pamenepo, chitsulo chimatsala chotundumuka, chala chimachita kumva. Timizere tosemedwa pogwirira dzanja timafafanizika, ndipo ngati pali zidindo za fakitale kapena za asilikali, zimapita limodzi ndi mtengo wa mfutiyo pamsika. Vanishi timamusungunula, sitimukwecha.

Musanachite chilichonse, tsegulani mfutiyo muone ndi maso anu kuti mulibe chipolopolo. Kenako masulani zitsulo zonse zichoke pathabwa: mpope ndi makina ake, chotchinga cha kumatako komanso tizitsulo tokolekapo lamba. Sikuludiraiva ikhale yokwana bwino pamutu wa bawuti, apo ayi iterereka n'kukanda. Chotchinga cha kumatako chikakhala cha pulasitiki kapena labala, mankhwala amachidya, choncho chikhale patali.

Tsopano dziwani chomwe chinapakidwacho, poti si chonse chonyezimira chomwe ndi vanishi. Sankhani malo obisika, monga m'ngalande momwe mumagona mpope. Dontheretsani sipiriti pang'ono, mudikire mphindi imodzi, mupukute. Zikafewa n'kumamata, ndi shellac, chopaka chochokera ku utomoni wa tizilombo, yemwe mfuti zambiri za asilikali a ku Russia zotchedwa Mosin-Nagant zinapakidwa, ndipo sipiriti yekhayo ndi nsanza amaliza ntchito. Zikapanda kusintha, yesani thina wa lacquer (lacquer ndi chopaka china chonyezimira chouma msanga). Zikasungunuka, ndi lacquer. Zikakana zonse ziwiri, ndi vanishi weniweni kapena polyurethane, yemwe ndi vanishi wolimba ngati pulasitiki, ndipo pafunika mankhwala ochotsera penti, makamaka olimba ngati phala kuti asamayenderere.

Werengani pachitini. Mankhwala okhala ndi methylene chloride amagwira msanga koma mpweya wake wapha anthu m'zipinda zotseka, mpaka dziko la United States linaletsa kuwagulitsa kwa anthu wamba mu 2019. Mtundu uliwonse womwe mwapeza, gwirirani panja kapena polowa mphepo, mutavala magolovesi osalowa mankhwala ndi magalasi, kutali ndi moto. Thina ndi acetone, mankhwala ena osungunulira ngati thinayo, sizichedwa kuyaka.

Pakani mankhwalawo mochindikala, musawapaladze ngati penti. Asiyeni nthawi yomwe yalembedwa pachitini. Mudzaona vanishi akuchita makwinya, kutukusira ngati khungu lopsa. Apo tengani chopalira cha pulasitiki, ngakhale khadi lakale, mupale motsata momwe mizere ya mtengo ikulowera. Ulendo umodzi sukwanira kawirikawiri. Bwerezani kawiri kapena katatu m'malo mokakamiza ndi mphamvu.

Pa timizere ta pogwirira ndi pomwe pamafuna mtima wodekha. Pakani mankhwala, mudikire, kenako mutsuke ndi mswachi wakale motsata mzere, mbali imodzi kenako inayo. Phala lofiirira lizituluka m'timipata, mswachiwo muziupukuta pansanza pafupipafupi. Poti pakanirira, kamtengo kosongola kamatulutsa bwino. Mpeni kapena waya wachitsulo asafikepo. Mukamaliza, pukutani thabwa lonse ndi thina kapena chomwe chitini chanena, muliyimike pamthunzi tsiku limodzi kapena awiri.

Zinthu ziwiri zomwe anthu amalangizana ine sindizivomera: kuviika thabwa m'madzi otentha, ndi kulipopera mankhwala otsukira uvuni. Madzi ambiri amapotoza mtengo kapena kuung'amba, ndipo mankhwala a uvuni ali ndi soda woyabwa yemwe amadetsa mtengo n'kufooketsa mitsempha yake.

Vanishi akachoka mudzapeza zina zomwe ankabisa. Pafupi ndi makina pamakhala pakuda chifukwa cha oyilo wa mfuti yemwe walowerera kwa zaka zambiri. Sakanizani ufa wa choko ndi acetone, mumate pamenepo, musiye ziume. Ufawo umayamwa mafuta n'kusanduka wachikasu. Sasani, mubwereze mpaka uzituluka woyera. Musanyozere zimenezi, chifukwa pamtengo wa mafuta chopaka chatsopano sichigwira. Malo ophwanyika mogundidwa, ikanipo kansalu konyowa mukanikize ndi nsonga ya simbi yotentha masekondi ochepa. Nthunzi imafufumitsa mtengo n'kubwerera m'malo mwake. Izi zimatheka pomwe mtengo unangotsenderezeka, osati pomwe unadulidwa.

Apa ndiye sandipepa alowe, koma wosalala: nambala 320, kenako 400, ndipo 220 pokhapokha pali zikande. Mukulungeni pakathabwa kapena pa labala yofufutira, musakweche ndi zala zokha. Matani tepi pa timizere tija. Bwezerani chotchinga cha kumatako pomwe mukukwecha chakumapeto, kuti ngodya zisabulungike.

Funso lotsatira: Nanga ndikamaliza ndipakenso vanishi?

Yankho: Mutha kutero, koma pa mtengo wa walnut ine ndimasankha mafuta a linseed ogulitsidwa ndi dzina loti boiled linseed oil, mafuta a mtengo wa tung, kapena Tru-Oil, mafuta opangidwira mathabwa a mfuti. Amaonetsa maluwa a mtengo, ndipo pakakandika mumangokonza pamalo pomwepo osachotsa zonse. Dontho zingapo zikwanira: pakani ndi chikhatho mpaka mumve kufunda, pukutani otsala, musiye tsiku lathunthu musanabwereze. Mtengo wotuwa ngati beech kapena birch nthawi zambiri umakhala unapakidwa utoto, ndiye ukayera kwambiri vanishi atachoka musadabwe, bwezerani utotowo mafuta asanapite. M'ngalande ya mpope ndi kumapeto kwa thabwa pakaninso pang'ono kuti chinyezi chisalowe. Nsanza za linseed musaziunjike pamodzi, zimatentha zokha mpaka kuyaka. Ziyanikeni panja imodziimodzi kapena muziviike m'chitini cha madzi.