Kondowole si makaka, ndipo kufutsa si kuwamba

Mayi wina amene amaphunzitsa pasukulu ina ku Thyolo anakwera sitima ya Ilala kukacheza pachilumba cha Likoma nthawi ya tchuthi, ndipo atabwerako watifunsa zinthu ziwiri. Akufuna kudziwa ngati kondowole amene anadya kumeneko angamutchule kuti nsima ya makaka pofotokozera ana m'kalasi, komanso ngati nsomba zonse zimene anaziona pamathandala m'mbali mwa nyanja angangozitchula kuti nsomba zouma.

Mayi, kondowole ndi makaka zonse zimachokera ku chinangwa, koma kakonzedwe kake n'kosiyana, ndiye chifukwa chake mayinanso ndi awiri. Kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje timasenda chinangwa n'kuchiyanika padzuwa, ndipo chikauma ndiye makaka. Anzathu a ku Likoma, Chizumulu ndi Nkhata Bay amayamba achiviika m'madzi kwa masiku angapo mpaka chifewe ndi kuchoka kuwawa, kenako amachiyanika n'kusinja ufa. Kuviikako n'kumene kumabweretsa kafungo kamene munakamva potema mbamu yoyamba, nsima ikukanirira kuzala. Anawo auzeni dzina lenileni, ndipo makaka muwatchule pongoyerekeza. Musamalenso mgwirizano wa mawu: timati kondowole wotentha, koma tikatsogoza mawu oti nsima timati nsima ya kondowole yotentha.

Funso lachiwiri ndi limene landikhudza kwambiri, pakuti mawu oti zouma akumeza pang'onopang'ono aneni atatu amene makolo athu ankawasiyanitsa bwino. Kuyanika ndi kuika nsomba padzuwa zili zaziwisi, monga amachitira ndi utaka kapena usipa. Kufutsa ndi kuviika nsomba m'madzi owira kwa kanthawi kochepa musanaziyanike, ndipo mneni ameneyu si wachilendo kwa inu, chifukwa ndi yemwe uja amatipatsa mfutso wa nkhwani kapena khwanya umene timasungira chilimwe. Kuwamba kumafuna moto ndi utsi, ndipo kawirikawiri kumayenera nsomba zikuluzikulu monga kampango ndi chambo, zimene zikhoza kuola zisanaume mukangodalira dzuwa.

Choncho si kulakwa kunena kuti nsomba zouma, koma mwana amene mwamutuma kumsika wa Luchenza ndi mawu amenewo akhoza kubwera ndi chilichonse. Mukamuuza kuti usipa wofutsa, wogulitsa adziwa dengu loti atapemo. Pano napo dzina la nsomba ndilo limalamulira mawu otsatira: usipa wofutsa, utaka woyanika, kampango wowamba, koma chambo chowamba, pakuti dzina loti chambo lili m'gulu limodzi ndi chinangwa ndi chimanga. Ndamvapo achinyamata akunena kuti chambo yowamba, mwina poganizira mawu oti nsomba amene sanawatchule, koma polemba pabolodi ndikupemphani kuti mulembe chowamba.