Ndapeza 585 pa GMAT: kodi ndingapeze malo a digiri yachiwiri ya za chuma kunja?

Okondedwa Aphungu,

Ndinamaliza digiri yanga yoyamba ya zowerengera ndalama zaka zitatu zapitazo, ndipo chimalizireni ndakhala ndikugwira ntchito yoona za ngongole pa banki ina. Ndikufunitsitsa kukachita digiri yachiwiri ya za chuma ku Britain, ku France kapena ku America. Mwezi wathawu ndinalemba mayeso a GMAT, amene masukulu a za bizinesi amagwiritsa ntchito posankha ophunzira, ndipo ndinapeza malikisi 585: pa masamu 78, pa gawo la kumvetsa zolembedwa 82, pa gawo la kusanthula manambala 77. Ndikamawerenga za masukulu otchuka ndimaona kuti ophunzira awo amapeza 700 kapena kuposerapo, moti ndagwa ulesi. Kodi ndibwereze mayesowa, ndifunsire malo ndi malikisi omwewa, kapena ndingosiya?

Ine wofunitsitsa sukulu

Yankho

Zikomo chifukwa cha kalata yanu. Tiyambe ndi 700 amene wakugwetsani ulesiyo, chifukwa n'kutheka kuti mukuyerekezera zinthu ziwiri zosiyana. Bungwe la GMAC, lomwe limayendetsa mayesowa, linabweretsa GMAT yatsopano mu Novembala 2023, ndipo yakale inalekeka kumayambiriro kwa 2024. Malikisi a mayeso akale ankayambira pa 200 n'kulekezera pa 800, pamene atsopanowa, amene inu munalemba, amayambira pa 205 n'kulekezera pa 805. Malinga ndi mmene GMAC imafanizira mayeso awiriwa, amene wapeza 645 lero ali pa mlingo wofanana ndi amene ankapeza 700 kale. Popeza zotsatira za GMAT zimagwira ntchito kwa zaka 5, manambala a mitundu iwiriyi akupezekabe m'zolemba za masukulu, choncho muzionetsetsa kaye kuti nambala imene mukuwerengayo ndi ya mayeso ati. Muzikumbukiranso kuti avereji ya kalasi si malire olowera, popeza m'kalasi momwemo mumakhala ena amene anapeza zochepera pamenepo.

Ngakhale zili choncho, sindikunamizani. Ku masukulu otchuka monga ku MIT Sloan, ku Princeton, ku Oxford, ku London Business School kapena ku HEC Paris, 585 ndi wochepa, ndipo mudzapikisana ndi anthu amene anachita masamu, uinjiniya kapena sayansi ya makompyuta. Chimene chandigwira mtima kwambiri m'kalata yanu si 585 ayi, koma 78 wa masamu. Gawo lililonse mwa atatuwo limaperekedwa malikisi oyambira pa 60 mpaka 90, ndipo osankha ophunzira a za chuma amathamangira kuyang'ana masamu asanayang'ane china chilichonse. Chifukwa chake n'chomveka: digiri zambiri zoterezi zimatenga chaka chimodzi kapena kupitirira pang'ono, ndipo sabata zoyambirira zomwe mphunzitsi amakhala atalowa kale m'masamu a kuwerengera mtengo wa masheya, chiwongoladzanja ndi chiopsezo cha ndalama zimene munthu waika pa bizinesi. Sukulu imafuna kutsimikiza kuti simudzatsalira m'mbuyo mwezi woyamba womwe. Mukanapeza 585 yemweyo koma masamu ali pamwamba, yankho langa likanakhala lina.

Maganizo anga ndi akuti mubwereze kamodzi, mutakonzekera kwa miyezi iwiri kapena itatu. Malamulo amalola kulembanso pakadutsa masiku 16, mpaka kasanu pa miyezi 12, koma amene amabwerera m'chipinda cha mayeso patangotha sabata zitatu kawirikawiri amatuluka ndi malikisi omwe aja, ndalama ya mayeso itapita. Kuthamanga sikufika. Gawo la masamu lili ndi mafunso 21 oyankha m'mphindi 45 popanda kalikuleta, kutanthauza mphindi ziwiri ndi masekondi ochepa pa funso lililonse. Munthu wa ku banki ngati inu, amene mwazolowera kuti kompyuta ikuchitireni zowerengera zonse, mwina masamuwo mumawadziwa koma dzanja linazizira. Gulani kope lapadera, ndipo funso lililonse limene mwalakwa pokonzekera muzililembamo pamodzi ndi chifukwa chake: kaya simunadziwe njira, kaya munawerenga funso mothamanga, kaya nthawi inakutherani. Pakatha sabata ziwiri kopelo lidzakuuzani lokha pamene pali vuto. Musaope kuti zotsatira zoyambazi zikuipitsirani mbiri, chifukwa pa GMAT yatsopanoyi mumasankha nokha zotsatira zimene mukufuna kutumiza ku sukulu mutaziona kale.

Palinso mayeso a GRE, a bungwe la ETS, amene masukulu ambiri a za chuma amalandira m'malo mwa GMAT. Kuyambira Seputembala 2023 mayesowa anafupikitsidwa moti safika maola awiri, masamu ake amaperekedwa malikisi a pakati pa 130 ndi 170, ndipo kalikuleta imakhala pa kompyuta pomwepo. Koma muli mafunso a makona ndi maonekedwe a zinthu, amene GMAT yatsopano inachotsa, komanso mawu ovuta a Chingerezi ofunika kuloweza. Lembani mayeso oyeserera amodzi musanaganize zosintha.

Mayeso si umboni wokhawo woti masamu mumawatha. Pa chikalata chosonyeza mmene munakhozera phunziro lililonse pa digiri yanu yoyamba, yang'anani magiredi a masamu ndi sitatisitiki. Ngati ali abwino, atchuleni m'kalata yanu yofunsira malo. Kukhoza gawo loyamba mwa magawo atatu a mayeso a CFA, omwe ndi a akatswiri osanthula za chuma, kapena mapepala a mayeso a ACCA, omwe ndi a akatswiri owerengera ndalama, kumathandizanso kwambiri. Ndipo ntchito yanuyo musaiderere. M'malo molemba kuti mumakonda za chuma kuyambira muli mwana, zimene aliyense amalemba, fotokozani fayilo imodzi ya ngongole imene munaisanthula, mmene munaonera kuti ndalama zolowa pa bizinesiyo sizikugwirizana ndi phindu limene eni ake analemba, ndi chimene munalangiza akuluakulu anu. Bwana amene adzakulembereni kalata ya umboni akhale amene anakuonani mukugwira ntchito yotereyi, osati wa udindo waukulu amene amangokudziwani dzina.

Posankha masukulu, zindikirani kuti digirizi zili mitundu iwiri, ndipo ngakhale nyuzipepala ya Financial Times imaziika pa mindandanda yosiyana. Ina ndi ya amene angomaliza kumene digiri yoyamba, ina ndi ya amene agwirapo kale ntchito. London Business School, mwachitsanzo, ili ndi Masters in Financial Analysis ya gulu loyambalo ndi Masters in Finance ya gulu lachiwiri. Ndi zaka zanu zitatu, mtundu wachiwiriwu ndi umene ungawerengere ntchito yanu mokwanira. Palinso mayunivesite abwino ambiri, makamaka ku Britain, amene safuna GMAT n'komwe. Ndikanakhala inu ndikanafunsira malo ku sukulu imodzi kapena ziwiri za pamwambazo, zinazo n'kukhala za mlingo umene malikisi anu akufikira.

Masukulu ambiri amasankha ophunzira m'zigawo zingapo pa chaka, ndipo malo komanso thandizo la fizi zimachepa chigawo chilichonse chikamatha, choncho tsiku lobwereza mayeso lichokere pa tsiku lotsekera chigawo choyamba kapena chachiwiri, mukuwerenga chobwerera m'mbuyo. Ngati mukuganiza za Britain, Chevening, ndondomeko ya boma la Britain yolipirira ophunzira ochokera kunja, imafuna munthu amene wagwirapo ntchito zaka ziwiri, zomwe inu mwakwanitsa kale, ndipo imafunanso kuti mukamaliza mubwerere kwanu kwa zaka zosachepera ziwiri. Mayeso a Chingerezi a IELTS kapena TOEFL amagwira ntchito kwa zaka ziwiri zokha, ndiye muwalembe mutathana kaye ndi GMAT.