Za mapu a minda ya alimi, ndiyankheko

Achimwene, mwafunsa za kulipira katswiri wojambula mapu a minda ya alimi. Ndalama zimenezo musapereke zonse musanamuone munthuyo ali m'munda, nsapato zili matope okhaokha. Inenso ndimagula soya ndi mtedza kwa alimi a ku Mchinji, ndipo timawapatsa mbewu pangongole malinga ndi kukula kwa munda. Wogula wathu wamkulu anati munda uliwonse ukhale pa mapu ndi ma coordinates ake, manambala osonyeza pomwe mundawo uli. Sizachilendo masiku ano. Lamulo la European Union la 2023, loletsa katundu wolimidwa pamalo pomwe anagwetsa nkhalango, likufuna zomwezi pa soya ndi khofi, ndipo munda ukaposa mahekitala 4 amafuna malire ake onse, osati kadontho kamodzi. Ndiye tinapatsa ntchito akatswiri ena a GIS (luso lopanga mapu pa kompyuta), a galimoto yonyezimira ndi pakamwa potsekemera. Dzina sinditchula.

Tsiku lokapereka mapuwo ku Lilongwe ndinachita kuvala jekete. Mayi wa mu ofesimo anatsegula fayilo pa kompyuta, n'kuika zithunzi za satellite pansi pake. Abale, minda yonse inasamuka! Wina uli pakati pa dambo, wina wakhala pa tala pa msewu wa Mchinji, ndipo munda wa agogo ena omwe ndimawadziwa bwino, omwe ndadyapo nsima pakhomo pawo, unagwera kumanda. Mayiwo sanakalipe ayi. Anangotembenuza laputopu kuti ndione ndekha, n'kufunsa modekha kuti, "Bambo, alimi anu amalima kumanda?" Mnyamata wina pakona anabisa nkhope kuseka. Ine thukuta kamukamu, pakamwa gwa. Ndinatuluka panja kuimbira akatswiri aja, foni ikungoitana. Kuimbanso, yazimitsidwa.

Amene anandimasulira ndi mtsikana wina wongomaliza kumene sukulu. Akatswiri aja anasakaniza njira ziwiri zoyezera malo pa mapu: Arc 1950, yomwe ili pa mapu akale a boma, ndi WGS84 yomwe GPS ya pa foni ndi Google Earth zimagwiritsa ntchito. Kuno kwathu ziwirizi zimasiyana ndi mamita oposa 200, ndiye ukaziphatikiza osasintha, chilichonse chimasuntha. Komanso minda yambiri sanapondemo n'komwe, anangoijambula ali mu ofesi pa zithunzi zakale. Munda wa ekala imodzi ndi theka unalembedwa maekala 3, ife mbewu tinali titagawa kale potsatira manambala awowo. Pokolola mlimi akuoneka ngati wagulitsa soya kumbali pomwe munda wake ndi waung'ono. Ndinakangana ndi anthu osalakwa chifukwa cha ulesi wa anthu ovala mataye.

Akatswiriwo atapezeka anati "ndi vuto la system". System iti? Pokambirana mtengo ankandiopseza ndi laisensi ya ArcGIS, pulogalamu yopangira mapu, kuti ndi yodula, chonsecho pulogalamu ina yotchedwa QGIS ndi yaulere, ndipo mtsikana uja anakonza zonse pa QGIS yomweyo. Ndalama sanabweze mpaka lero, koma pa Facebook akungoika zithunzi za ma drone.

Komabe musathawe GIS chifukwa cha nkhani yangayi. Panopa galimoto yokatenga katundu imadziwa mudzi woyambira ndi wothera, mafuta sakupita pachabe ngati kale, ndipo ndikamayankhula ndi a ngongole ndimaonetsa minda yeniyeni. Pezani katswiri wodziwika ndipo musanyinyirike kumulipira bwino, zotchipa zimapweteka. Mu mgwirizano alembe kuti zonse zikhala mu WGS84, UTM zone 36S (chigawo cha mapu chomwe Mchinji ilimo), ndipo akupatseni mafayilo a mapu a shapefile kapena KML, osati PDF yokha. Sankhani minda ingapo mwachisawawa, mupite naye, ayende malire inu mukuona, mlimi ali pomwepo. Theka la ndalama mumupatse mukatsegula nokha mapuwo pa Google Earth.

Kunena zoona, pa minda ya soya foni yabwino ndi anyamata anu omwe a m'mudzi akukwana, GPS ya foni imaphonya ndi mamita ochepa chabe. Koma ngati nkhani ifika pa malo a lease kapena puloti yomangapo sitolo, foni isiyeni m'thumba, pamenepo pafunika saveya wa chilolezo woika ma beacon, zizindikiro za malire.